Magetsi osayenda: zolemba za kalabu yathu ya sayansi, teremu yoyamba

24 Sepitembala

Kalabu yayamba lero, Lachitatu masana titaweruka. Abwera ana 23, ambiri a Fomu 2 ndi Fomu 3. Ntchito ya teremu ino ndi imodzi: tipange tokha zida zoonetsera magetsi osayenda, aja amabadwa zinthu ziwiri zikakwechana. Pasukulu pathu palibe labotale. Tili ndi kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, ndipo m'kati mwake mulibe chilichonse cha mutu umenewu.

Chandikakamiza ndi ichi. Mwana aliyense m'kalasi amatha kuimba kuti "like charges repel, unlike charges attract" (tchaji zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana), ndipo pamayeso amakhoza. Lero ndafunsa kuti ndani anazionapo ndi maso ake zinthu ziwiri zikukankhana popanda kukhudzana. Panali zii. Mnyamata mmodzi anati, "Aphunzitsi, tchaji si ija timaika m'foni?" Sindinamudzudzule, pakuti mawuwo ndi amodzimodzi ndipo mbali ina akunena zoona. Koma zandionetsa pomwe tiyambire.

Tinang'amba timapepala, aliyense nkukwecha chipeso kapena bolopeni m'tsitsi. Timapepala tinadumpha. Ambiri anachitapo zimenezi ku pulayimale, koma palibe anafotokoza chifukwa chake. Ndinawauza kuti Agiriki akale anaona zomwezi pa utomoni wouma wa mitengo umene ankautcha elektron, ndipo mawu a Chingerezi a magetsi anachokera pamenepo kudzera kwa William Gilbert, dokotala wa ku England amene analemba za nkhaniyi mu 1600. Sabata yamawa aliyense abwere ndi botolo lagalasi la pakamwa papakulu, waya wa kopa, zotsala za makandulo, ndi chidutswa cha paipi ya PVC ngati angachipeze kwa amisiri.

1 Okutobala

Tsiku labwino, ndipo latidyera selotepi imodzi yokha.

Mata zidutswa ziwiri za selotepi patebulo, uzimatule mofulumira, uziyandikizitse. Zimathawana, chilichonse kupindikira kwake. Kenaka mata chidutswa chimodzi pamsana pa chinzake, uzimatule patebulo zili pamodzi, usisite ndi chala kuti tchaji ichoke, ndiye uzilekanitse msanga. Tsopano zimathamangirana. Selotepi yake yomweyo, dzanja lake lomwelo, koma khalidwe lasintha. Ana anabwereza mpaka selotepi inatha, ndipo iwo okha anafika ponena kuti tchaji iyenera kukhala ya mitundu iwiri. Charles du Fay wa ku France anafika pomwepa mu 1733. Maina akuti pozitivi ndi negetivi anabwera pambuyo pake ndi Benjamin Franklin wa ku Philadelphia.

Ndinatsindika chinthu chimodzi chomwe ana amachiphonya chaka ndi chaka: kukwecha sikulenga tchaji. Chinthu chilichonse chili nayo kale, mapulotoni a pozitivi pakati pa atomu ndi maelekitironi a negetivi mozungulira, ndipo zikakhala zofanana kuchuluka sitimva kanthu. Pokwecha, maelekitironi ena amasamuka kuchoka pa chinthu china kupita pa chinzake. Paipi ya PVC ikakwechedwa ndi juzi yaubweya imalanda maelekitironi nkukhala negetivi, juzi imatsala pozitivi ndi muyezo womwewo. Chimene wina wapeza ndi chimene wina wataya. Mapulotoni sasuntha, ali omangika m'malo mwawo. Franklin posankha maina sankadziwa za elekitironi, poti J.J. Thomson anadzaipeza mu 1897, nchifukwa chake kanthu kamene kamayendadi kanagwera dzina la negetivi.

8 Okutobala

Electroscope zinayi, zida zoonetsa ngati chinthu chili ndi tchaji, zonse zakanika.

Kapangidwe kake nkosavuta kunena: waya ulowe m'botolo kudzera pa chivundikiro, kunsi upindike ngati mbedza, pambedzapo pakoleke timasamba tiwiri ta aluminiyamu, pamwamba pakhale kampira ka aluminiyamu. Tchaji ikafika pa timasamba tonse tiwiri tiyenera kukankhana nkutambasuka. Zathu sizinagwedezeke nkomwe.

Zolakwa tazipeza ziwiri. Choyamba, pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya ndi lolemera. Abraham Bennet, amene anayambitsa chida ichi cha m'ma 1780, ankagwiritsa ntchito timasamba ta golide topyapyala kwambiri. Chachiwiri, pa mabotolo atatu waya unkakhudza chivundikiro chachitsulo, ndiye tchaji inkangothawira m'galasi ndi patebulo. Ndikanayenera kuyesa botolo limodzi kunyumba ndisanawapatse ana ntchitoyi. Sabata yamawa kulibe kalabu, ndi Tsiku la Amayi, ndiye ndipeza mpata wokonza.

22 Okutobala

Zatheka. Tinakuza bowo la chivundikiro nkulidzaza ndi phula la kandulo, waya nkudutsa pakati pa phula osakhudza chitsulo. Timasamba tinachita kusenda ku pepala lonyezimira la m'kati mwa paketi, titaliviika m'madzi kuti pepala loyera lichoke, nkuliumitsa padzuwa. Sitinatipinde kuchokera ku chidutswa chimodzi, tinadula tiwiri tosiyana nkutiboola kuti tizilendewera momasuka. Dzuwa la Okutobala likutithandiza: kunja kwauma gwa, ndipo paipi ikangokwechedwa kawiri katatu imalira thethethe.

Paipi isanakhudze nkomwe kampira, ikali patali ngati chikhatho, timasamba tinatambasuka. Titaichotsa tinagwa. Apa mpamene mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa funso lomwe latidyera ola lonse, ndipo sindikudandaula. "Aphunzitsi, mwati zokokana ndi zosiyana tchaji. Nanga pepala lija sitinalikweche, lilibe tchaji. Chipeso chimalikoka bwanji?"

Yankho lake ndilo mtima wa mutu wonsewu. Pepala lilibe tchaji yoposera, koma m'kati mwake muli pozitivi ndi negetivi zochuluka. Chipeso cha negetivi chikayandikira, maelekitironi a m'pepala amakankhidwira pang'ono kutali, ndipo mbali yoyang'ana chipeso imatsala ndi pozitivi. Ndiye pali kukoka pafupi ndi kukankha patali. Zikanakhala zofanana mphamvu, pepala likanangokhala. Koma mphamvu ya magetsi imafooka ndi mtunda, choncho kukoka kwa pafupi kumaposa kukankha kwa patali, pepala nkudumpha. Tinaonetsa zomwezi ndi chitini chopanda kanthu cha zakumwa, chimene chimagubuduka kutsata paipi, ndi kamtsinje ka madzi kotuluka pabowo la botolo, kamene kamakhota ngati kakufuna kupereka moni kwa paipiyo.

Phunziro lomwe ndalemba pabolodi ndi kulizunguliza: kukokana sikutsimikiza kuti chinthu chili ndi tchaji. Chotsimikiza ndi kukankhana.

Tinamaliza ndi kutchaja electroscope popanda kuikhudza ndi paipi. Yandikizitsa paipi, timasamba titambasuke. Gwira kampira ndi chala, timasamba tigwe, chifukwa maelekitironi athawira m'thupi mwako kutsikira pansi. Chotsa chala paipi ikali pomwepo. Kenaka chotsa paipi. Timasamba titambasukanso, ndipo ulendo uno ndi pozitivi. Theka la magulu linayamba kuchotsa paipi chala chikali pakampira, ndipo sanapeze kanthu, poti maelekitironi anabwerera momwe anatulukira. Kulakwitsa kumeneko kunawaphunzitsa kuposa mawu anga.

29 Okutobala

Lero masamu. Ndinaopa kuti ana athawa, koma abwera 19.

Charles-Augustin de Coulomb mu 1785 anayeza mphamvu pakati pa timipira tiwiri totchajidwa pogwiritsa ntchito kawaya kopyapyala kamene kamapotoka kakakankhidwa. Anapeza kuti ukawirikiza mtunda kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa anayi. Katatu, gawo limodzi mwa asanu ndi anayi. Ukawirikiza tchaji ya mpira umodzi, mphamvu nayo iwirikiza. M'buku zimalembedwa F = kq₁q₂/r², pomwe F ndi mphamvu, q₁ ndi q₂ ndi tchaji ziwirizo, r ndi mtunda, ndipo k ndi pafupifupi 9 × 10⁹.

Nambala imeneyi ana amangoikopera osaimva, ndiye tinaisandutsa chimanga. Tchaji timaiyeza m'ma coulomb, mphamvu m'ma newton. Tchaji ziwiri za coulomb imodzi imodzi, zotalikirana mita imodzi, zikukankhana ndi ma newton 9,000,000,000. Kulemera kofanana ndi mphamvu imeneyo ndi makilogalamu pafupifupi 900,000,000, omwe ndi matumba 18 miliyoni a makilogalamu 50. Kalasi inati phokoso. Apa anamvetsa kuti coulomb ndi muyezo waukulu koopsa, ndipo kuti pa chipeso pamakhala kagawo kochepetsetsa ka coulomb. Komanso elekitironi imodzi imanyamula 1.6 × 10⁻¹⁹ ya coulomb, monga momwe Robert Millikan anayezera ndi timadontho ta mafuta kuyambira mu 1909. Tinayerekeza kuti chipeso chili ndi magawo 10 mwa biliyoni a coulomb, tinagawa, tinapeza maelekitironi opitirira 60 biliyoni. Ochuluka chonchi, koma poyerekeza ndi onse a m'chipeso ndi ngati njere imodzi ya mchenga kunyanja.

Tinayesa kutsimikiza lamulo la Coulomb ndi timipira tiwiri topepuka tokutidwa ndi aluminiyamu, kamodzi kolendewera pa ulusi wa nayiloni, kena kobayidwa pa bolopeni. Kuti mphamvu imakula msanga ukayandikira zinaoneka bwinobwino. Koma manambala sanagwirizane ndi kanayi kaja, ndipo ndakana kuti ana alembe zomwe buku likufuna m'malo mwa zomwe aona. Zifukwa tazilemba: tchaji imadontha tikuyeza, mphepo ya pawindo imagwedeza ulusi, rula ndi dzanja la woyeza nazonso zimakoka kampira, ndipo timipira tikayandikana kwambiri tchaji imathawira kumbali zakutali, mtunda weniweni nkukhala woposa womwe tayeza. Tidzabwereza m'katoni yotseka.

5 Novembala

Sabata ino ndi ya electric field, ndipo mpamene ndataya tulo kwambiri. M'kalabu tikuitcha dera la mphamvu. Funso ndi lakuti, timasamba tija timadziwa bwanji kuti paipi yafika, pomwe palibe chokhudzana? Michael Faraday anaganiza kuti tchaji imasintha malo oizungulira, kotero kuti pamalo paliponse pali mphamvu yodikira, yokhala ndi kukula kwake ndi komwe yaloza. Tchaji ina ikafika pamenepo imamva zomwe zili pamalopo. Kukula kwa dera ndi mphamvu pa coulomb iliyonse, E = F/q, ndipo mivi yake timaijambula kuloza komwe tchaji ya pozitivi ingakankhidwire: kutuluka pa pozitivi, kulowa pa negetivi.

Ana amajambula mivi imeneyi mokongola, koma amaiona ngati zokongoletsa za m'buku. Ndinkafuna aione. Njira yodziwika ndi kumwaza tinthu tating'ono tatitali m'mafuta, poti mafuta sadutsa magetsi ndipo tinthuto timatembenuka kutsata dera. Tinayamba ndi mgaiwa m'mafuta ophikira. Unamira nkuunjikana pansi. Tinayesa mafuta a nsatsi omwe agogo a mwana wina anatipatsa; ndi olemera bwino, koma anali akuda, osaoneka m'kati. Kenaka mnyamata wina anathamangira kwa ometa pamsika nkubwera ndi tsitsi lija limagwa pomaliza kumeta, lalifupi ngati fumbi. Tinalitsuka, kuliumitsa, nkuthira pang'ono m'botolo lapulasitiki loyera lodzaza mafuta opaka ana.

Titakhutchumula botolo, titsitsi tinaloza paliponse. Paipi itayandikira, mwapang'onopang'ono tinatembenuka, tonse kuloza kwa paipi ngati masipoko a njinga. Titaika paipi mbali ina ndi botolo lagalasi lokwechedwa ndi jumbo mbali inayo, mizere inayamba kulumikiza mbali ziwirizo. Sizinali zoyera ngati m'buku, ndipo titsitsi timamira pakapita kanthawi, umayenera kukhutchumulanso. Koma kalasi inakhala chete, ndipo mtsikana wa funso la pepala uja anati, "Ndiye kuti tsitsi lililonse likuchita zomwe pepala linachita." Ndi zoonadi: nsonga imodzi pozitivi, ina negetivi, ndiye dera limalipotoza mpaka liwongoke.

Ndinawachenjeza kuti mizere si zingwe zomwe zilipo m'mlengalenga. Dera lili paliponse, pakati pa mizere pomwe. Mizere ndi njira yathu yolijambulira: pomwe yathinana mphamvu ndi yaikulu, ndipo siidutsana, chifukwa pamalo amodzi tchaji singakankhidwire mbali ziwiri nthawi imodzi.

12 Novembala

Tapanga electrophorus, chida chimene Alessandro Volta anachitchukitsa mu 1775. Chathu ndi chivundikiro cha poto wa aluminiyamu, chogwirira chake kandulo yomatidwa pakati, ndipo pansi pake ndi thovu loyera lolimba lija amatchingira mawailesi m'makatoni. Kwecha thovu ndi juzi, khazika chivundikiro, chikhudze ndi chala, chinyamule pogwira kandulo, ndiye yandikizitsa chala m'mphepete. Theche! Titatseka mawindo ndi zitenje, kamoto kanaoneka, ndipo tesita ya amagetsi inaphethira.

Mpweya wouma umayamba kudutsa magetsi dera likafika pafupifupi mavoti 3 miliyoni pa mita, ndiye kuti 3,000 pa milimita. Kamoto kathu kanali kotalika mamilimita awiri kapena atatu, choncho tikunena za mavoti masauzande angapo. Ana anadabwa kuti sitinafe, pomwe magetsi a m'nyumba a mavoti 230 amapha. Kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa tchaji ndi nthawi: chivundikiro chimakhuthula kanthu kochepa m'kamphindi nkutha, pomwe waya wa m'nyumba umapitiriza kuthira osaleka. Ndalankhula mwamphamvu kuti wina asakayese kanthu pa soketi.

Chinawazunguza mutu nchakuti tinatenga timoto tambirimbiri osakwechanso thovu. Tchaji ya pathovu siichoka, imangokankha maelekitironi a m'chivundikiro kudzera m'chala. Nyonga ya kamotoko imachokera m'dzanja lonyamula, lomwe likulimbana ndi kukoka kwa thovu.

Anyamata apempha kuti tipange botolo la ku Leiden, lija losunga tchaji lomwe linagwedeza Pieter van Musschenbroek mu 1746. Ndakana teremu ino. Botolo lalikulu limamenya koopsa, ndipo sindikudziwa za thanzi la mtima wa mwana aliyense.

19 Novembala

Zinthu ziwiri mwachidule. Titavindikira electroscope ndi kakhola ka waya wa pawindo kokhudza pansi, paipi inalephera kugwedeza timasamba. Titaimika singano pa kampira, paipi inatchaja electroscope ili patali, osaikhudza, chifukwa pansonga dera limathinana mpaka mpweya nkuyamba kudutsa tchaji. Mitambo yayamba kusonkhana masana, ndipo paipi sikuliranso ngati kale.

26 Novembala

Mvula yagwa masiku atatu, ndipo lero linali tsiku loonetsa aphunzitsi anzanga ndi a komiti ya makolo. Palibe chinagwira. Timasamba timati tikatambasuka pang'ono nkugwa pomwepo. Mu Okutobala tinkakhala chitambasukire mpaka ana kutopa kudikira. Ana anagwa nkhope, ndipo ine mtima unandiwawa chifukwa cha iwo.

Amene anatipulumutsa ndi alonda athu, bambo achikulire amene amaonerera kalabu ali pakhomo. Anati, "Aphunzitsi, zida zanuzi zazizidwa ngati machesi. Bwanji muziwambe?" Anabweretsa mbaula yawo. Tinaika mabotolo, mapaipi ndi majuzi chapatali pang'ono ndi moto, kusamala kuti phula lisasungunuke, ndipo patapita kanthawi timasamba tinatambasuka pamaso pa alendo.

Chimachitika nchakuti chinyontho chimayala kachikuto ka madzi kosaoneka pagalasi, papaipi ndi pansalu, ndipo madziwo pamodzi ndi mchere wa thukuta la m'manja amapatsa tchaji njira yothawira. Galasi ndilo limakonda chinyontho kwambiri, phula limachikana. Nchifukwa chake juzi imathetheka ukamavula usiku mu Julayi koma mu Januwale imakhala duu. Tsikuli ndaliwerengera ngati phunziro lathunthu la zinthu zodutsa ndi zosadutsa magetsi, ndipo gulu limodzi layamba kulemba m'mawa uliwonse nthawi yomwe timasamba timatenga kuti tigwe, pambali pake nkulemba momwe kunja kwachera.

3 Disembala

Kalabu yomaliza. Kunja kunkagunda, ndiye nkhani inadzibweretsa yokha.

Mphenzi ndi kamoto ka pa chivundikiro kaja, koma kotalika makilomita. M'mtambo wa mvula timatalala ndi timadzi toundana timagundana m'mphepo yokwera ndi yotsika, kunsi kwa mtambo kumadzaza negetivi, pamwamba pozitivi. Nthaka ya pansi pake imachita zomwe pepala linachita: pamwamba pake pamasonkhana pozitivi, makamaka pa zinthu zazitali monga mitengo ndi munthu woima pabwalo. Dera likakula kupyola zomwe mpweya ungapirire, njira imatseguka. Mpweya wa m'njiramo umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, umafufuma mwadzidzidzi, ndipo limenelo ndilo bingu. Franklin anaonetsa mu 1752 kuti mitambo ili ndi magetsi omwewa.

Mwana wina anafunsa mwaulemu za mphenzi zochita kutumiza. Ndikudziwa kuti ena mwa ana awa anataya abale, ndipo ndikudziwanso agogo amene ananenedwa zoipa chifukwa cha maliro otere. Sindinaseke. Ndinamufunsa kuti pa singano ndi pa kampira, tchaji inasankha pati, ndipo anaituma ndani. Anayankha yekha. Kenaka tinakambirana zoti akanene kunyumba: osabisala mvula pansi pa mtengo, kuchoka m'munda, m'dambo, pabwalo la mpira ndi pamadzi bingu likamveka, osatsamira zitsulo. Ukaona ching'aning'ani werenga masekondi mpaka bingu; atatu aliwonse ndi kilomita imodzi, ndipo ngati ukulimva bingu ndiye kuti ili pafupi kokwanira kukufika. M'galimoto yachitsulo yotseka mawindo muli chitetezo chifukwa cha thupi lake, monga kakhola kathu ka waya, osati chifukwa cha matayala.

Zomwe zalowa m'kabati: electroscope zinayi zogwira ntchito, electrophorus imodzi, mabotolo awiri a tsitsi, mapaipi asanu ndi limodzi, zonse m'chidebe chotseka bwino. Zotsala: kuyeza kwa Coulomb m'katoni, komwe tikusungira teremu yachitatu kunja kukadzaumanso mu Meyi ndi Juni. Gulu la timasamba lipitiriza kulemba sukulu ikatsekulira mu Januwale, kuti tidzakhale ndi miyezi ya mvula ndi ya chilimwe poyerekeza.

Ana alemba kalata yopita ku komiti ya makolo yopempha chitsulo chotetezera mphenzi pa buloko ya Fomu 1, yomwe ili pamtunda payokha. Ajambula chitsulo pamwamba pa denga, waya wonenepa wa kopa wotsika pakhoma, ndi ndodo yokhomeredwa m'nthaka yachinyontho, ndipo alemba kuti ntchitoyo agwire mmisiri wa magetsi wodziwa. Ahedi ailandira ndipo ati ikawerengedwa pamsonkhano wa tsiku lotsekera.